Yezani Chilwa lero, musadzatiuze mawa kuti palibe umboni

Domasi amalowa. Likangala amalowa. Thondwe, Namadzi, Phalombe, Sombani, yonseyi imathera m'Chilwa, ndipo palibe mtsinje ndi umodzi womwe umene umatulukamo. Madzi a nyanja imeneyi amachoka pokhapokha dzuwa likawamwa. Zimene anabwera nazo, kaya ndi mchere, feteleza wa m'minda kapena zonyansa za m'tauni ya Zomba, zimatsala m'matope. Mwana wa pulayimale ku Kachulu amazidziwa zimenezi. Amene akuoneka kuti aziiwala ndi akuluakulu a ku Capital Hill, amene akupereka ziphaso zofufuzira miyala kuzungulira nyanjayi maso ali pa madola okha.

Ndiyambira kutali, ku mabomba a nyukiliya. Wina aseka kuti msodzi wa matemba zimukhudza bwanji za azungu ndi nkhondo zawo. Zimamukhudza, chifukwa anthu amene anadziwitsa dziko lonse kuopsa kwa phulusa la mabombawa sanali asilikali kapena mapulofesa. Anali asodzi.

Pa 1 Malichi 1954, dziko la America linaphulitsa bomba pa zilumba za Bikini, m'nyanja ya Pacific. Akatswiri awo anaphonya masamu: bombalo linaphulika ndi mphamvu yoposa kawiri imene ankayembekezera, kuposa la ku Hiroshima pafupifupi ka 1,000. Pamtunda woposa makilomita 100 panali boti la asodzi 23 a ku Japan, dzina lake Daigo Fukuryu Maru, akuwedza nsomba za tuna kunja kwa malire amene America analengeza kuti ndi oopsa. Patapita maola ochepa kunayamba kugwa phulusa loyera ngati ufa, n'kumakakamira m'tsitsi, m'maso, m'milomo. Iwo anapitiriza kukoka zingwe, paja msodzi sasiya zida zake m'madzi. Pofika kwawo patatha milungu iwiri, khungu linali litapsa, tsitsi likuthothoka, nkhama zikuchucha magazi. Aikichi Kuboyama, amene ankagwira wailesi ya m'botimo, anamwalira mu Sepitembala chaka chomwecho. Msika wa nsomba ku Japan unagwa, ndipo matani mazanamazana a tuna anatayidwa. Nanga mkulu wa bungwe la za nyukiliya ku America, Lewis Strauss, anapepesa? Ayi. Ankauza anzake kuti mwina botilo linali la akazitape a chikomyunizimu.

Phulusa lomwelo linagwa pa chilumba cha Rongelap, pomwe panali anthu osakwana 100. Palibe anawachenjeza. Ana analiseweretsa, amayi anatunga madzi momwe linagweramo. Asilikali anabwera kudzawasamutsa patadutsa masiku awiri, n'kuwabwezeranso mu 1957, akuti kwayera. Ambiri mwa ana amene anali asanakwane zaka khumi tsikulo anadzadwala chithokomiro, n'kuchitidwa opaleshoni. Lekoj Anjain anali wa chaka chimodzi; anamwalira ndi khansa ya m'magazi mu 1972 ali ndi zaka 19. Pofika 1985 anthu a pa Rongelap anatopa n'kuuzidwa kuti zonse zili bwino, ndipo anapempha sitima ya Greenpeace kuti iwachotse pa nthaka ya makolo awo. Mabomba amene America anaphulitsa pa zilumba za Marshall, komwe kuli Bikini ndi Rongelap, pakati pa 1946 ndi 1958 ndi 67.

Mmene phulusali limaphera n'zosavuta kumva. Bomba likaphulikira pafupi ndi nthaka limayamwa dothi ndi mchenga, kuzisakaniza ndi zibenthu za yureniyamu kapena plutonium, n'kuziponya kumwamba. Zolemera zimagwa pafupi, m'maola ochepa. Zopepuka zimakwera kupitirira mitambo, kuzungulira dziko kwa miyezi kapena zaka, n'kumatsika ndi mvula. Sizinunkha, sizilawika, sizioneka. Iodine-131 imagwera pa msipu, ng'ombe kapena mbuzi n'kudya, n'kulowa mumkaka, n'kukathera m'chithokomiro cha mwana. Imeneyo imafooka msanga, mphamvu yake imatsika ndi theka pa masiku asanu ndi atatu, koma imakhala itaononga kale. Strontium-90 thupi limaiyesa kashiyamu n'kuimangira m'mafupa ndi m'mano, pafupi ndi mafuta a m'mafupa amene amapanga magazi. Caesium-137 imalowa m'minofu, ndipo panthaka imagwirana zolimba ndi dongo. Imatsika ndi theka pa zaka 30. Plutonium-239 imafuna zaka 24,000 kuti itsike ndi theka lokhalo. Ku St Louis, ku America komweko, makolo anasonkhanitsa mano a ana ogweluka, ndipo anapezeka ndi strontium-90 yowonjezekawonjezeka chaka ndi chaka. Phokoso la makolo amenewo linathandiza kuti mu 1963 America, Britain ndi Soviet Union asayine pangano loleka kuphulitsira mabomba mumlengalenga. France anapitirizabe mpaka 1974, China mpaka 1980.

Mabomba oyesera onse pamodzi aposa 2,000, ndipo oposa 500 anaphulitsidwira mumlengalenga. Fumbi lake linafika paliponse pamene mvula imagwa, kuno komwe. Ndinene zoona zake, poti bodza silithandiza mkwiyo: kummwera kwa dziko lapansi kunagwa lochepa poyerekeza ndi kumpoto, ndipo limene latsala m'nthaka yathu ndi lochepetsetsa moti sindingaloze wodwala aliyense pa Zomba Central Hospital n'kunena kuti ndi Bikini. Koma linagwa. Asayansi akafuna kudziwa zaka za matope a m'nyanja amafufuza mzere wa caesium-137 umene unayalika cha m'ma 1963 mpaka 1965. Nthawi imene agogo athu ankavina kulandira ufulu wodzilamulira, mvula inkawagwetsera zinyalala za mpikisano wa anthu ena, ndipo palibe anawafunsa.

Onani malo amene eni mabomba ankasankha. Soviet Union anasankha Semipalatinsk ku Kazakhstan, kwa abusa a ziweto, n'kuphulitsako mabomba 456. Britain anasankha Maralinga ku Australia, dziko la Aaborijini. France anasankha Africa. Pa 13 Febuluwale 1960 anaphulitsa bomba lake loyamba ku Reggane, m'chipululu cha Sahara ku Algeria, ndipo pofika 1966 anali ataphulitsa 17 m'dzikomo. Mapu a asilikali a France amene anabisidwa zaka zoposa 50 anadzaonetsa kuti mtambo wa bomba loyamba lija unafika ku Chad, ku Mali, mpaka kummwera kwa Spain. Kwame Nkrumah anatseka chuma cha France ku Ghana, ndipo Nigeria anathamangitsa kazembe wa France mu Januwale 1961. Atsogoleri a nthawi imeneyo anali ndi msana. Yureniyamu yambiri ya mabomba oyamba, a mu 1945, nayo inachokera kuno ku Africa, ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, komwe Akongo ankakumba popanda chodzitetezera. Konseku eni ake ankalankhula chimodzimodzi: kumeneko kulibe anthu. Anthu analiko. Kungoti anali asodzi, abusa ndi alimi, anthu oti akadwala palibe nyuzipepala ya ku Paris kapena ku Washington ingalembe.

Tsono chimene chimandipsetsa mtima koposa si bomba. Ndi zimene zimadza pambuyo pake. Munthu akadwala khansa patapita zaka 20, amauzidwa kuti abweretse umboni. Khansa sibwera ndi chidindo chonena kumene yachokera. Ndiye amamufunsa kuti: kodi m'mudzi mwanu munali cheza chochuluka bwanji tisanabwere? Kodi anthu ankadwala angati kale? Iye alibe yankho, chifukwa palibe anayeza, kapena amene anayeza ndi yemweyo akuimbidwa mlanduyo, ndipo mapepala anawatsekera m'kabati. France anakhazikitsa lamulo la chipukuta misozi mu 2010, koma pofika 2021 munthu wa ku Algeria amene analandira anali mmodzi yekha. Bwalo loona madandaulo a ku zilumba za Marshall linagamula ndalama zoposa madola 2 biliyoni, ndipo zambiri sizinaperekedwe mpaka lero. Kusayeza si ulesi wamba. Ndi njira yopambanira mlandu usanayambe.

Apa ndiye tabwerera kwathu. Kampani ya ku Australia yotchedwa Chilwa Minerals, imene inalowa pa msika wa masheya kwawoko mu 2023, ikufufuza mchenga wolemera m'mphepete mwa nyanja yathu, ku Mposa, ku Bimbi, ku Mpyupyu ndi malo ena. Mumchengamo muli ilmenite, zircon, rutile, komanso monazite. Monazite imakhala ndi thorium ndi yureniyamu pang'ono, ndipo zonsezi zimatulutsa cheza. Kummwera, ku Songwe Hill m'boma la Phalombe, kampani ya Mkango Resources inasayina mgwirizano ndi boma mu 2024 wokumba miyala ya rare earth. Chilumba cha Chisi nacho akatswiri a miyala akhala akuchiyang'anitsitsa kuyambira nthawi ya atsamunda.

Mgodi si bomba, ndipo aliyense wokuuzani kuti Mpyupyu idzasanduka Hiroshima akukunamizani. Mchengawo uli pamenepo kuyambira kalekale, makolo athu analima ndi kugona pamenepo. Monazite ikamwazikana m'nthaka imakhala yochepa. Nkhani imasintha mukaikumba, kuisefa, kuiunjika pamodzi, n'kusiya zotsalira m'madamu. Pamenepo njira zake zolowera m'thupi la munthu n'zomwe zija: fumbi m'mapapo, madzi akumwa, nsomba, mpunga. Ndipo khalidwe la akuluakulu nalo limakhala lomwe lija: musade nkhawa, akatswiri aona kale.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ku Madagascar, pafupi ndi Fort Dauphin, kampani ya QMM, yomwe mwini wake wamkulu ndi Rio Tinto, imakumba mchenga wa mtundu womwewu pafupi ndi nyanja zazing'ono zimene anthu amamwa ndi kuphamo nsomba. Mu 2022, mvula ya namondwe itadzaza madamu, kampani inatulutsa madzi a mumgodi. Nsomba zakufa zinayandama, boma linaletsa usodzi kwa miyezi, mabanja anagona ndi njala. Mabungwe amene anayezetsa madzi paokha akuti anapeza yureniyamu ndi mtovu zochuluka kumunsi kwa mgodi. Kampani ikukana kuti ndi iyo. Mkangano unafika mpaka kwa maloya ku London. Ku Bukit Merah, ku Malaysia, fakitale yoyenga monazite inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990 anthu atadandaula za ana odwala khansa ya m'magazi. Kampani sinavomere mlandu, koma inawononga pafupifupi madola 100 miliyoni kukwirira zinyalala za thorium. Munthu sawononga ndalama zotere kukwirira chinthu chabwinobwino.

Sitikusowanso kuwoloka nyanja. Mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009. Lamulo loyang'anira za cheza m'dziko muno, Atomic Energy Act, linabwera mu 2011. Werenganinso zaka ziwirizo. Tinayamba kukumba, lamulo n'kubwera pambuyo likupuma wefuwefu. Mu Januwale 2015 mvula yamkuntho inang'amba thanki pamgodipo. A Paladin, eni mgodiwo nthawi imeneyo, anati pafupifupi zonse zinatsalira m'kati mwa mpanda, omenyera ufulu anati mitsinje ya Sere ndi North Rukuru ili pachiopsezo. Mayi wa ku Karonga wotunga madzi mumtsinje akanakhulupirira yani? Analibe manambala akeake. Lipoti la Human Rights Watch la mu 2016 linapeza kuti anthu oyandikana ndi migodi ku Karonga sankauzidwa za kuopsa kwake pa thanzi lawo, ndipo boma silinkayeza mokwanira. A ActionAid anawerengetsa kuti pa zaka zisanu ndi chimodzi dziko linataya madola 43 miliyoni a misonkho pa mgodi womwewo. Mgodiwo unaima mu 2014, ndipo watsegulidwanso mu 2025 pansi pa Lotus Resources. Tinaphunzirapo kanthu, kapena tangosintha dzina pa chikwangwani?

Chilwa ndi yosalimba kuposa Karonga. Nyanja ya Malawi ndi yakuya ndipo ili ndi Shire woitsuka. Chilwa malo ambiri munthu amapalasa bwato ndi mponda wofika pansi. Inaphwa mu 1968, inaphwa mu 1995, inatsala pang'ono mu 2012, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa dongo long'ambika pa Kachulu. Nyanja ikaphwa, matope aja amasanduka fumbi, ndipo akamvuluvulu amalinyamula kupita nalo m'midzi, m'masukulu, pa nsima. Ikadzaza, monga inachitira ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, madzi salemekeza malire a munthu, kaya ndi munda, manda kapena damu la zotsalira za mgodi. Amene akujambula mapulani a madamu amenewo atiuze kuti awerengera mvula ya Freddy kapena mvula ya m'mabuku akale.

Ndipo ganizani za anthu ake. Asodzi a m'zimbowera amakhala pamadzi miyezi, kumwa omwewo, kuphikira omwewo, kusamba omwewo. N'chifukwa chake kolera amabwerabwera kuno, mpaka mu 2016 anachita kuwatsatira ndi katemera m'njedza momwemo. Matemba, makumba ndi milamba ya pa Chilwa sizithera pa doko; zimakwera njinga ndi malole kupita ku Jali, ku Zomba, ku Limbe, mpaka ku Lilongwe. Mpunga wa ku Likangala ndi ku Domasi umadyedwa ndi anthu amene sanaionepo nyanjayi. Anthu oposa miliyoni imodzi amadalira chigwa chimenechi, ndipo dziko linachilembetsa pa mndandanda wa madambo otetezedwa wa Ramsar. Mphekesera chabe yoti nsomba za pa Chilwa zili ndi poizoni ingagwetse msika sabata imodzi, ngakhale nsombazo zili bwinobwino. Manambala odalirika amateteza msodzi, amatetezanso kampani yachilungamo. Ndiye woopa kuyeza akuopa chiyani?

Sindikudana ndi migodi. Ndikudziwa anyamata angati a kuno amene ali ku Joni chifukwa kwawo kulibe chochita, ndipo ndikudziwa mizere ya mafuta imene kusowa kwa madola kumabala. Kumbani. Koma fosholo ya makina isanalowe pansi, madzi a m'zitsime ndi m'mijigo, matope a m'nyanja, fumbi la m'chilimwe, minofu ndi minga ya matemba, mpunga wa m'masikimu, zonsezi ziyezedwe, dzinja ndi chilimwe, ndi anthu amene salandira malipiro ku kampani. Zipatala zing'onozing'ono za m'mbali mwa nyanja ziyambe lero kulemba bwino odwala khansa, matenda a impso, a m'mapapo ndi ana obadwa ndi zilema, kuti pakatha zaka 15 tidzakhale ndi poyambira kuwerenga. Musatiuze kuti palibe akatswiri. University of Malawi ili pa Chirunga, likulu la Geological Survey lili mu Zomba momwemo, ulendo wosakwana maola awiri kuchoka pa Kachulu ngakhale msewu utaipa. Ndege za Kauniuni zinauluka pamwamba pa midzi yathu kuyeza yureniyamu ndi thorium, zotsatira n'kutulutsidwa mu 2015. Mapu amenewo anapangidwira ogula miyala. Tsopano atembenuzireni kwa eni nthaka, m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chilomwe, pa Chanco Community Radio, pa bwalo la mfumu, pa khoma la sukulu. Lamulo la ufulu wopeza mauthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020. Si chifundo chimene tikupempha.

Bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority ndi la zachilengedwe la MEPA, ntchito yanu si kudinda mapepala amene kampani yalemba yokha. Bwerani ndi makina anu, muyeze pamaso pa anthu, musiye kope kwa mfumu. Nanunso mafumu athu, a Mwambo, a Kuntumanji, a Mkumbira ndi nonse a m'mbali mwa nyanja, ndi ulemu wonse: msonkhano wa tsiku limodzi wa fanta ndi alawansi si kufunsa anthu maganizo. Chala chimene mudinde chidzamanga adzukulu amene sanabadwe. Thorium imatenga zaka mabiliyoni kuti ifooke, pamene kampani ikhoza kugulitsidwa kawiri pa zaka khumi, n'kusiya damu lopanda mwini.

Chomvetsa manyazi n'chakuti papepala dziko lathu ndi la chitsanzo. Tinavomereza pangano loletsa kuyesa mabomba mu 2008. Tili m'pangano la Pelindaba, loti Africa ikhale yopanda zida za nyukiliya. Mu Juni 2022 tinavomereza pangano loletseratu zidazi, limene limalamula kuthandiza ovulala ndi kuyeretsa malo oipitsidwa. Anzathu a ku South Africa anapanga mabomba asanu ndi limodzi n'kuwaphwasula okha. Komabe lero padziko pali mabomba pafupifupi 12,000, ambiri mwa iwo a America ndi Russia. Russia anabweza chivomerezo chake cha pangano loletsa kuyesa mu 2023, ndipo mu Okutobala 2025 Donald Trump ananena kuti walamula dziko lake kuyambiranso kuyesa. Ofufuza a ku Rutgers University anawerengetsa mu 2022 kuti nkhondo ya nyukiliya pakati pa India ndi Pakistan ikhoza kupha anthu oposa 2 biliyoni ndi njala, utsi utaphimba dzuwa n'kusokoneza mvula, ndipo ya America ndi Russia oposa 5 biliyoni. Ife amene mu 2024 tinalengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28 chifukwa cha ng'amba ya nyengo imodzi, tikuganiza kuti pa mzere wa chimanga tidzakhala kutsogolo? Akazembe athu azilankhula mokweza pa nkhaniyi, osaopa kuti opereka thandizo akwiya. Koma mawu awo ku New York adzakhala opanda mano ngati kwawo kuno mayi wa ku Mchenga sakudziwa chimene chili m'madzi amene akumwetsa khanda lake.

Olemekezeka aphungu a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe, Nyumba ya Malamulo ikakumana imirirani mufunse nduna ya za migodi mafunso atatu: cheza cha m'madzi, m'matope ndi m'nsomba za pa Chilwa chili pa mlingo wanji lero, anayeza ndani, ndipo mapepala ake ali kuti. Akakuyankhani kuti kampani ikuyeza yokha, musakhale pansi.